ZA KUNENEPA NDI NTHENDA YA SHUGA

Ku Lilayi, kumwera kwa Lusaka, ophunzira nchito ya upolisi athamanga mbandakuca, ndipo matupi ao ali opepuka. Koma mlembi wokhala ku Kabwata kapena ku Chelstone akwera basi m'mawa, nakhala pampando tsiku lonse, nadya nsima ya ufa woyera, vitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera. Mimba ikatuluka, anansi amyamika kuti wapeza bwino. Ciyamiko cimeneci canyenga ambiri. M'caka ca 2017 kunapezeka kuti mwa akulu anai m'Zambia, pafupifupi mmodzi analemera kopyola muyeso.

M'mimba muli kapamba, wotulutsa insulin, imene itsegulira shuga njira kuti acoke m'mwazi nalowe m'minofu. Mafuta akacuruka, minofu ileka kumvera insulin, ndipo shuga atsalira m'mwazi. Kwa zaka zambiri munthu samva kuwawa, pamene maso, impso ndi mapazi zirikuonongeka. Ena adulidwa mwendo cifukwa ca kacironda ka pacala.

Wakumva ludzu losatha, wakukodza kawirikawiri usiku, kapena wa cironda cosapola, asacedwe kukapimitsa mwazi kucipatala. Acepetse nsima, acurukitse cibwabwa, kalembula ndi nyemba, ndipo ulendo waufupi ayende pansi.