Kodi Mpingo Woyamba Ndi Uti?

Werengani Machitidwe 11:19-26 ndi 15:6-21.

Kapena munamvapo anthu alikukangana, aliyense nanena kuti mpingo wake ndiwo mayi wa mipingo yonse. Mkangano umenewu ngwakalekale.

Tiyambe ndi Malembo. Mpingo unabadwira ku Yerusalemu pa tsiku la Pentekoste, pamene anabatizidwa anthu ngati 3,000. Koma dzina lakuti Akristu linayamba kumveka ku Antiokeya, ndipo mpingo wa kumeneko ndiwo unatuma Paulo ndi Barnaba. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu Petro analankhula ndithu, koma womanga mfundo anali Yakobo.

Nanga Roma? Mbiri yakale imati Petro ndi Paulo anaphedwera komweko m'masiku a mfumu Nero, ndipo pa chifukwa ichi mpingo wa Roma umati bishopu wake ndiye wolowa m'malo mwa Petro. Koma taonani. Pamene Paulo analembera Aroma kalata, cha m'chaka cha 57, mpingo unalipo kale, iye asanapondeko. M'mutu 16 apereka moni kwa anthu oposa 20, koma Petro samtchula konse.

Pambuyo pake ulemu wa mipingo unayamba kutsata ukulu wa mizinda. Msonkhano wa ku Nicaea, mu 325, unavomereza ulamuliro wa mabishopu a Roma, Alexandria ndi Antiokeya. Mu 381 anaika Constantinople pa malo achiwiri, popeza unali likulu latsopano la ufumu. Mu 451, ku Chalcedon, analimbikitsanso zomwezo, koma Papa Leo anakana. Ndipo Yerusalemu, kumene zonse zinayambira, anakhala wachisanu pa mndandanda.