UTSI NDI MPHEPO YA MWERA

Dera la Mfumu Mavwere lili m'boma la Mchinji, lomwe lachita malire ndi dziko la Zambia. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kumeneku kumazizira, ndipo mphepo ya mwera imawomba kuchokera kummwera chakum'maŵa. Nthaŵi imeneyi amayi amavutika pophika. Utsi woyenera kutuluka kunja umabwerera m'khitchini, maso nachita kuŵaŵa, mwana ali kumsana nayamba kutsokomola. Mwana wopuma utsi tsiku ndi tsiku sachedwa kudwala chibayo.

Kodi utsi umabwerera bwanji? Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho utsi umakwera wokha m'chumuni. Koma mphepo ikagunda mtengo wautali kapena nsonga ya denga, imazungulira n'kutsika, ndipo imakankhira utsiwo pansi. Chumuni chachifupi ndicho chimavutitsa kwambiri. Mmisiri wodziŵa ntchito amachimanga chopitirira nsonga ya denga ndi masentimita 60, naika kachipeŵa kalata pamwamba pake, ndi kusiya mpata m'mbali woti utsi uzitulukira.

Nthaŵi zina vuto silikhala la mphepo yokha. Chumuni chozizira sichikoka utsi, ndiye nkwabwino kuyamba mwayatsa udzu wouma kuti chifunde musanasonkhe nkhuni. Mwaye ukachuluka umatseka njira, ndipo uyenera kupalidwa. Nkhuni zaziŵisi nazo zimangofuka. Ambiri amadzudzula mwera chonsecho nkhuni zawo anadula dzulo lomweli!

Mabanja ambiri alibe chumuni; amaphika pamafuwa kapena pambaula yadothi yotchedwa Chitetezo, imene imasunga moto m'kati mwake ndi kutha nkhuni zochepa. Iwoŵa azimanga khitchini yoti khomo lake lifulatire mwera, ndi kusiya mpata pakati pa khoma ndi denga.

Ena akamva kuzizira amatseka chitseko ndi mazenera onse moto uli mkati. Zimenezi nzoopsa. Moto ukasoŵa mpweya wabwino umatulutsa mpweya wina woipa umene suwoneka ndiponso sununkha. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, ndipo akhoza kufa ali m'tulo. Wina akayamba kumva chotero, mutulutseni panja msanga ndi kupita naye kuchipatala.

Mafunso
1. Kodi mphepo ya mwera imachokera mbali iti?
2. Fotokozani chimene chimachitika mphepo ikagunda nsonga ya denga.
3. Nchifukwa chiyani si bwino kutseka mazenera onse moto ukuyaka?
4. Jambulani khitchini ya kwanu, ndipo muonetse kumene utsi umatulukira.