Musanasiye Khasu

Amai anzanga, njobvu zikatha chimanga m'munda, mtima umafuna kusiya khasu tsiku lomwelo. Nchito zina zilipodi kuno ku Mfuwe. Ku Mulberry Mongoose, kuyambira 2013, azimai amapanga mikanda ndi waya wa misampha yochotsedwa m'thengo. Ku Tribal Textiles amajambula nsalu ndi manja.

Koma ogula ambiri ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa, ndipo mvula ikayamba mu Novembala makampu ambiri a m'thengo amatseka. Komatu ana amadya chaka chonse.

Tsono phunzirani luso latsopanolo masana, mutaweruka kumunda. Mupangane ndi abambo kapena ambuye za wotsala ndi mwana. Ndalama za mayunifomu a mu Januwale muziike padera musanagule makina osokera.