Phunziro: Mlovi Nayenso ndi Wantchito

M'maphunziro athu ndi makomiti a m'madoko timakamba kawirikawiri za maso a ukonde, malaisensi ndi nyengo yotseka nyanja. Lero tikambe za anthu amene amakoka ukondewo.

M'madoko ambiri mlovi salandira malipiro a pamwezi. Nsomba zikagulitsidwa, mwini zida amayamba wachotsa ndalama za mafuta ndi zina zimene walowetsa pa ulendowo, kenaka zotsala amagawana ndi alovi. Pangano lake limakhala lapakamwa. Pachifukwa ichi eni zida ena amati: "Awa si antchito anga, timangogawana." Ife tikuona kuti mawu amenewa sagwirizana ndi lamulo. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limavomereza pangano lapakamwa monga momwe limavomerezera lolembedwa. Limawerenganso ngati wantchito munthu amene amagwirira mnzake ntchito kuti alandire kanthu, pamene moyo wake ukudalira mnzakeyo ndipo ayenera kumvera zimene wamutuma. Mlovi wa chilimira alibe boti, alibe injini, alibe ukonde, ndipo tsiku lopita panyanja sasankha yekha. Nanga ameneyu tingamutche ndani?

Nkhani imene imadanitsa anthu kwambiri ndi ya zodula. Mlovi saona mtengo umene mafuta agulidwa, ndipo nthawi zina saonanso mtengo umene usipa wagulitsidwa. Amangouzidwa kuti lero sizinayende. Ukonde ukang'ambika, gawo lake limadulidwa kwa masabata angapo. Lamulo sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Limangolola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo waononga. Tsono ukonde umene wakodwa pamwala, kapena wang'ambika ndi mwera, sitinganene kuti wauononga ndi mlovi. Limeneli ndi tsoka la bizinesi, ndipo mwini bizinesi ndiye ayenera kulisenza.

Apa ndi pamene komiti ingathandize popanda kudikira boma. Mlembi akhale ndi kope limodzi la mapangano. Asanayambe ntchito, mwini zida ndi alovi abwere kudzalembetsa maina a onse okwera boti, zimene zidzachotsedwe asanagawane, gawo la aliyense kuphatikizapo siginala, ndiponso chochita munthu akavulala. Onse asayine kapena adinde chala pamaso pa mamembala awiri a komiti. Kope lomweli limathandizanso boti likapanda kubwerera, chifukwa timadziwa amene tikufunafuna. Tikudziwa kuti m'makomiti ambiri muli eni zida. Tikupempha kuti pa mlandu wokhudza boti lake, membala wotere akhale pambali.

Za kuvulala pali lamulo lapadera la chipukuta misozi cha antchito, nalonso la chaka cha 2000. Ngozi ikachitika pantchito, nkhaniyo ikafike msanga ku ofesi ya za ntchito kuboma, ndipo mapepala a kuchipatala asungidwe bwino. Thumba la ufa pamaliro si chipukuta misozi ayi.

Pa nkhani ya ana palibe zokambirana. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka za pakati pa 14 ndi 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Kuchezera usiku panyanja posaka usipa, ngakhale kumira pansi pa madzi kukamanga nkacha monga amachitira ku Malombe, si ntchito za mwana.

Komiti si khoti. Ntchito yake ndi kuyanjanitsa, mothandizana ndi mfumu ya pamalopo. Zikakanika, mlovi atumizidwe ku ofesi ya za ntchito, ndipo kumeneko zikavuta pali khoti loona milandu ya ntchito. Amene wachotsedwa ntchito mopanda chilungamo akadandaule miyezi 3 isanathe, ndipo mlembi amupatse zimene zinalembedwa m'kope zija kuti apite nazo.