Kodi wophika ndi mlonda wa pasukulu ndi aphunzitsi? Mafunso ndi mayankho pa lamulo la ku Brazil

Kodi lamulo la ku Brazil limati mlonda wa pasukulu ndi mphunzitsi?

Ayi. Lamulo lalikulu la maphunziro m'dzikolo, la nambala 9.394 la mu 1996, analikonzanso mu 2009 ndi lamulo la nambala 12.014. Kuchokera apo, ndime 61 imawerengera m'gulu la akatswiri a zamaphunziro aliyense wogwira ntchito pasukulu amene ali ndi satifiketi ya luso kapena digiri yokhudza maphunziro. Wophika, mlembi ndi wosamala nyumba za sukulu akhoza kulowamo. Koma choko sawapatsa, ndipo kalasi si yawo.

Nanga anawalowetseranji?

Chifukwa mwana samaphunzira m'kalasi mokha. Amene amamugawira chakudya ndiye amayamba kuona kuti wabwera ndi njala, ndipo wa pachipata amadziwa amene akujomba. Chifukwa china n'chakuti kuyambira 1990 aphunzitsi ndi antchito enawa ali m'bungwe limodzi lowayankhulira, la CNTE, choncho akakuwa mawu amamveka patali.

Kodi aliyense wosesa pasukulu amangolowa m'gululi?

Popanda pepala salowa. Mu 2005 unduna wa zamaphunziro unayambitsa Profuncionário, maphunziro a luso a anthu amene ali kale pantchito. Nthambi zake zinali zinayi: ulembi, chakudya cha ana, kusamala nyumba ndi malo a sukulu, ndiponso zipangizo zophunzitsira.

Dzinalo likubwera ndi ndalama?

Apa mpamene pagona nkhani. Sukulu za boma zimadalira thumba la Fundeb. Kale ndalama zosachepera 60 pa 100 zilizonse za m'thumbali zinkayenera kupita ku malipiro a aphunzitsi ndi owatsogolera. Mu 2020 gawolo linakwera kufika 70 pa 100, ndipo kumapeto kwa 2021 lamulo la nambala 14.276 linalola kuti antchito othandiza nawonso azilipidwa kuchokera pomwepo. Ndi chinthu chabwino, koma tisaombe m'manja msanga: nsima inawonjezekadi, koma manja opisa m'mbale anachulukanso. Khonsolo yochenjera ikhoza kukwanitsa 70 ija pongowerengera anthu ambiri, osakweza malipiro a wina aliyense.

Kodi malipiro oyambira a mphunzitsi amawakhudza?

Sawakhudza. Lamulo la nambala 11.738 la mu 2008 limateteza aphunzitsi ndi oyang'anira kaphunzitsidwe basi. Mu 2025 malipirowo anali mareal (ndalama ya ku Brazil) 4,867.77 pamwezi kwa wogwira maola 40 pasabata, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawiyo ndi lokonzekera ntchito kunja kwa kalasi. Mwayi wopuma pantchito zaka zisanu msanga nawonso ndi wa aphunzitsi. Wophika alibe zonsezi.

Ndiye mkangano weniweni uli pati?

Uli kumkaka, kwa ana osapitirira zaka zitatu. Lamulo la 1996 lija linaika malo olerera anawa pansi pa maphunziro oyambirira, kutanthauza kuti pamafunika mphunzitsi. Koma makhonsolo ambiri anazolowera kulemba anthu pa dzina la wothandiza kapena woyang'anira ana, n'kumawalipira zochepa, pomwe ena mwa iwo amakonza phunziro, kukhala ndi ana tsiku lonse ndi kulemba za kakulidwe kawo. Ambiri ndi amayi, ndipo ena ali ndi madigiri a uphunzitsi. Kumeneko n'kudyera munthu masuku pamutu.

Bwanji osangowasintha dzina onsewo?

Malamulo oyendetsera dziko a 1988 amati ntchito yokhazikika ya boma imalowedwa kudzera m'mayeso opikisana, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti munthu sangadumphire ntchito ya mtundu wina popanda mayeso ake. Makhonsolo nawo amadandaula kuti ndalama zolipirira alibe.

Chilungamo chili pati?

Tiyang'ane ntchito imene munthu akugwira ndi maphunziro amene ali nawo. Wophunzitsa ana amene anaphunzira uphunzitsi atchedwe mphunzitsi ndipo alandire za mphunzitsi. Wophika ndi mlonda safunika dzina lobwereka. Akufunika malipiro oyambira awoawo otetezedwa ndi lamulo, ndi njira yokwerera paudindo, ndipo lamulo la 2009 silinawapatse zimenezo.