Phunziro 17: Uta wa Msana wa Nsungwi

Tonse timaudziwa uta. Makolo athu a ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba ankayenda nawo kuthengo. Ayao, Amakhuwa ndi Anyanja onse ankasema mauta. Ndi uta ankasaka nyama. Ndi uta ankatetezanso mudzi ndi minda. Ngakhale mizere yokongola ija imene timaiona kumwamba mvula ikamakata timaitcha utawaleza.

Lero osema mauta atsala ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Anyamata akayesa okha, kawirikawiri uta wawo umathyoka usanakhalitse. Chibanthu cha uta wothyoka chikhoza kuvulaza diso kapena dzanja. M'phunziro lino tiona chimene chimathyola uta. Tionanso mmene tingaulimbitsire ndi nsungwi.

Msana ndi mimba

Tiyeni titenge kamtengo ndi kukapinda pang'onopang'ono. Kayamba kung'aluka pati? Kayambira kunja kwa popindika. Mbali ya kunja imakokeka. Mbali ya mkati imapanikizika.

Uta nawonso uli ndi mbali ziwiri. Mbali imene imayang'ana kumene muvi ukupita ndi msana. Mbali imene imayang'ana kwa woponya ndi mimba. Tikamakoka nsinga, msana umakokeka ndipo mimba imapanikizika. Pamsana pakakhala mfundo, bala la mpeni kapena boo la kachilombo, uta umathyokera pomwepo.

Makolo athu ankasema uta kuchokera ku mtengo umodzi. Ankadziwa kusankha mtengo wopanda chilema. Anthu a maiko ena anapezanso njira ina. Iwo amamata chinthu cholimba pamsana pa uta. Ku Japan amamata nsungwi ndi mtengo pamodzi, ndipo uta wawo umatalika kuposa mamita 2. Eni nthaka ena a ku North America ankamata mitsempha ya nyama pamsana pa mauta awo. Ife nsungwi tili nazo m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Nsungwi siduka msanga ikamakokedwa. N'chifukwa chake imakhala msana wabwino.

Zofunika

Tifunika mtengo wolimba ndi wowongoka, nsungwi yokhwima, guluu, ndi mphira zodula ku chubu chakale cha njinga. Zida zake ndi zomwe tili nazo kale: chikwanje, kasemasema, mpeni wakuthwa ndi tupa.

Kusankha ndi kuumitsa

Tisankhe mtengo wolemera, umene tikaupinda umabwerera wokha, monga mpangala. Mitengo yofewa ngati malaina siyenera. Maina a mitengo amasiyana m'Chiyao, m'Chimakhuwa ndi m'Chinyanja. Choncho tipite kuthengo ndi mkulu wodziwa, atilozere ndi chala. Tidule nthambi kapena mphukira imodzi yokha. Tsinde tilisiye kuti liphukenso.

Nsungwi ikhale yaikulu, ya zaka 3 kapena kuposa, yosafumbwa. Tiing'ambe idakali yaiwisi kuti iume bwino.

Nthawi yabwino yodula ndi mwezi wa Epulo, mvula ikamatha. Mtengo ndi nsungwi tiziike pamthunzi, pansi pa denga, kwa miyezi 6. Tisaziike padzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa zimang'aluka. Uta wa mtengo wauwisi umapindika osabwereranso, ndipo guluu sagwira pa mtengo wonyowa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusema mtengo

Utali wa uta ukhale masentimita 150. Kwa munthu wamkulu, umenewu ndi utali wochokera pansi kufika cha pachibwano. Tiyeze ndi kulemba chizindikiro pakati penipeni. Pamenepo ndi pogwirira. Tisiyepo malo okwana chikhatho chimodzi, ndipo pakhale pochindikala.

Pakati, uta ukhale masentimita 3 m'lifupi, ngati zala ziwiri. Uzichepa pang'onopang'ono mpaka kunsonga, kumene ukhale ngati chala chaching'ono. Mbali ya kumsana tiipale mpaka ikhale yosalala ndi yafulati ngati thabwa, kuchokera kunsonga kufika kunsonga inzake.

Kukonza nsungwi

Titenge chibanthu cha nsungwi chofanana ndi uta m'litali ndi m'lifupi. Tipale mkati mwake mokha mpaka mukhale mwafulati. Chikhale chopyapyala, mamilimita 3, kuchindikala pang'ono kuposa kamtengo ka machesi. Nsungwi ikachindikala kwambiri imaposa mtengo mphamvu, ndipo mimba ya uta imaphwanyika.

Khungu la kunja tisalipale. Mphamvu za nsungwi zili pansi pa khungu pomwepo. Pa mfundo tingosalaza pang'ono ndi tupa, osadula.

Tsopano tigoneke nsungwi pamsana pa mtengo ndi kuyang'ana kumene kuli kuwala. Ngati kuwala kukudutsa pakati, tipalenso. Ziwirizi zigwirane popanda mpata.

Kumata

Guluu wa akalipentala amagulitsidwa m'masitolo. Tikhozanso kupanga wathu. Timadula tizidutswa ta chikopa chosafufuta cha ng'ombe kapena mbuzi, timachotsa ubweya ndi mafuta, timaviika usiku wonse. M'mawa timaphika pa moto wochepa kwa maola ambiri, osabwatitsa kwambiri, mpaka madzi ake ayambe kumata zala. Kenaka timasefa. Guluu ameneyu timamata adakali wofunda. Amaopa chinyezi, choncho ntchitoyi tiichite m'chilimwe.

Pomata pafunika anthu awiri. Tikande mbali zonse ziwiri ndi tupa kuti guluu agwire. Tisakhudzepo ndi manja a mafuta. Tipake guluu pa mtengo ndi pa nsungwi pomwe. Mmodzi agwire, wina akulunge mphira mwamphamvu kuyambira pakati kupita kunsonga. Guluu wina atuluke m'mbali monsemo. Tikatero tiusiye uta pamthunzi kwa sabata imodzi. Tikamasula mphira, tipale guluu wotsala ndi kusalaza m'mbali.

Kuphunzitsa uta kupindika

Iyi ndiyo ntchito yofuna mtima wodekha koposa. Timange chingwe chachitali kunsonga zonse ziwiri. Mmodzi akoke pang'ono, wina aime patali ndi kuyang'ana. Mbali ya kumwamba ndi ya pansi zipindike mofanana, ngati mwezi watsopano.

Pamene pakuuma, tipalepo pang'ono. Pamene pakupindika kwambiri, tisakhudzepo. Lamulo lalikulu ndi ili: timapala kumimba kokha. Kumsana sitifikako ndi mpeni. Tikapala pang'ono, tikoke kangapo, tiyang'anenso. Chimene tapala sichibwereranso.

Uta ukayamba kupindika bwino, tiike nsinga yeniyeni. Nsinga timapota ndi chikopa kapena khonje. Mpata wa pakati pa nsinga ndi pogwirira ukhale masentimita 15, ngati chibakera chotukula chala chachikulu. Kunsonga ndi pogwirira tikulungepo ulusi wolimba kapena kalamba ka chikopa, kuti nsungwi isamatuke. Pomaliza tipake phula la njuchi kapena mafuta a nsatsi kuti madzi asalowe.

Kusamala uta ndi kusamala anthu

Tikamaliza kuponya, timasule nsinga kuti uta upume. Tiusunge pouma, kutali ndi chiswe. Tisakoke nsinga ndi kuitaya popanda muvi, chifukwa mphamvu yonse imabwerera mu uta ndi kuuthyola. Tisanaponye tiziyamba tayang'ana kumsana. Tikaona nsungwi yatukuka kapena kamng'alu, tileke pomwepo. Muvi woyang'anira suchedwa kulasa m'maso.

Pophunzira, tigwiritse ntchito mivi ya bango yopanda chitsulo. Tiziponya pa thunthu la nthochi, kuseri kwake kuli chulu. Ana ndi ziweto akhale kumbuyo kwa woponya. Sitilozetsa muvi kwa munthu, ngakhale mocheza.

Masiku a makolo athu nyama zinali zambiri. Lero zachepa. Mu 2014 dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo mu 2017 linaliwonjezera mphamvu. Wopha nyama yotetezedwa, monga njovu, akhoza kukhala m'ndende zaka zambiri. Kusaka kumafuna chilolezo. Nyama zikationongera mbewu, tikanene kwa mfumu ndi ku ofesi ya boma yoona za ulimi. Uta wathu ukhale wophunzitsira ana luso la manja, wochitira mpikisano pabwalo, ndi woingitsira anyani ndi mbalame kumunda ndi mivi yosasongoka.

Tiwerenge ndi kulemba

uta, mauta
muvi, mivi
msana, mimba, nsinga, nsungwi
Msana umakokeka. Mimba imapanikizika.
Timapala kumimba kokha.

Mafunso

1. Kodi msana wa uta ndi mbali iti?
2. N'chifukwa chiyani sitipala khungu la nsungwi?
3. Chimachitika n'chiyani nsungwi ikachindikala kwambiri?
4. Tchulani zinthu ziwiri zimene tiyenera kuchita kuti tisavulaze anzathu.

Masamu

1. Tadula mtengo mu Epulo. Uuma kwa miyezi 6. Tiyamba kusema mwezi uti?
2. Uta ndi wa masentimita 150. Pakati pake pali pa masentimita angati kuchokera kunsonga?

Ntchito ya gulu

Sabata ino tipite awiriawiri kwa mkulu wa m'mudzi mwathu amene anasemapo uta. Timufunse maina a mitengo imene ankasankha, ndi mmene ankapotera nsinga. Tilembe mainawo m'makope mwathu. Pa phunziro lotsatira aliyense adzawerengera gulu zimene walemba.