Poyambira kuwerenga nthano za mizinda yozingidwa za Warhammer 40,000

Anthu ambiri akamva za mabuku a Warhammer 40,000 amathamangira ku mabuku a Siege of Terra, poti ndiwo ali pakamwa pa aliyense. Sapita nawo patali. Maina amachuluka ngati nyerere, akuluakulu ankhondo amakangana pa zinthu zimene zidachitika m'mabuku makumi angapo am'mbuyo, ndipo munthu amatseka bukulo ali ndi maganizo oti nthano zamtunduwu si zake. Vuto si iyeyo ayi, wangolowera khomo lolakwika. Nthano ya mzinda wozingidwa imakoma ukayamba ndi anthu wamba amene atsekeredwa mkati mwa linga, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono kufikira kwa zimphona.

Choyamba, dziwani zochepa zokha za dzikolo, musadzilemetse. Warhammer 40,000 idayamba mu 1987 ngati masewera a tizidole tankhondo opangidwa ndi kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, ku England. Mabuku ake amasindikizidwa ndi Black Library, nthambi ya kampaniyo imene idakhazikitsidwa mu 1997, ndipo ndi a m'Chingerezi. Nkhani zake zimachitika m'zaka za m'ma 40,000. Anthu adafalikira ku maiko osawerengeka a m'mlengalenga pansi pa ufumu umodzi wankhanza wotchedwa Imperium, umene mfumu yake yakhala pa mpando wa golide zaka 10,000, siili moyo kwenikweni komanso siidafe. Asilikali wamba ndi a Imperial Guard. A Space Marine ndi anthu osinthidwa thupi, amphamvu zoposa za munthu. Adani ndi ambiri, koma poyamba mungofunika awiri: opembedza milungu yoipa ya Chaos, ndi zilombo zobiriwira zokonda ndewu zotchedwa ork. Basi, zina mudzazitola m'njira.

Buku loyamba likhale Necropolis la Dan Abnett, lotuluka mu 2000. Ndi lachitatu pa mndandanda wa Gaunt's Ghosts, koma limaima palokha, ndipo ngati mukufuna kuyambira kumutu, atatu oyambawo amapezeka pamodzi m'buku limodzi lotchedwa The Founding. Nkhani yake ndi ya Vervunhive, mzinda waukulu wa mafakitale pa dziko la Verghast, umene waukiridwa ndi mzinda woyandikana nawo, Ferrozoica. Chimene ndimalikondera ndi chakuti Ibram Gaunt ndi asilikali ake a ku Tanith safika msanga. Mitu yoyambirira ndi ya eni mzinda. Mizinga ikuwomba, anthu a m'makomboni a kunja kwa linga akukanganirana pa zipata, ndipo akuluakulu a mkati akukangana za ulemu wa mabanja awo.

Pamenepa gwiritsitsani anthu awiri. Gol Kolea ndi wa mumgodi, wasiyana ndi banja lake pa chipwirikiti, ndipo akusonkhanitsa anzake n'kuyamba kumenya nkhondo m'mabwinja popanda yunifolomu. Tona Criid ndi mtsikana wa m'magulu a zigawenga za m'misewu amene watola ana awiri osakhala ake n'kumawafunira chakudya. Mukamawerenga, dzifunseni kuti awiriwa agona kuti lero, adya chiyani. Mukatero muona kuti mzinda wozingidwa sufa ndi zipolopolo zokha. Amene adawerengapo za njala ya mu Samariya m'buku la 2 Mafumu, kapena za Leningrad umene udazingidwa masiku 872 kuyambira mu 1941 mpaka mu 1944, adzazindikira fungo lake msanga.

Chachiwiri, musawerenge opanda pensulo ndi pepala. Izi ambiri amazinyozera. Nkhondo ya m'chigwa imayenda, koma ya kuzinga imakhala pamalo amodzi, ndipo zonse zimatengera kuti chipata chino chili kuti, mtsinje uli mbali iti, mizinga ya adani yafika pati. Jambulani bwalo, ikani zipata ndi maina ake, lembani mtsinje wa Hass, ndipo malo akagwa muwadule ndi mzere. Pambali lembani zinthu zitatu zimene zikutha: zipolopolo, chakudya ndi madzi, komanso kukhulupirirana. Chachitatuchi ndicho chimatha mwakachetechete. Ku Vervunhive kuli chishango champhamvu chophimba mzinda wonse kumwamba, ndipo mukadzafika pamene chazima, yang'anani bwino kuti dzanja lochizimitsa lachokera kunja kapena mkati.

Mukamaliza, tulukani mu linga mukaime kwa ozinga. Buku lake ndi Storm of Iron la Graham McNeill, la 2002. A Iron Warriors, gulu la a Space Marine opanduka amene ntchito yawo ndi kugumula malinga, afika pa dziko louma la Hydra Cordatus. Pano werengani mofatsa, pakuti bukuli limaphunzitsa luso lenileni. Ozinga sathamangira khoma. Amakumba ngalande yaitali moyang'anizana ndi linga, patali pamene mizinga ya mkati siwapweteka kwambiri. Kuchokera m'menemo amakumba tinjira tokhotakhota topita kutsogolo, kuti wa pa khoma asathe kuwombera molunjika m'kati mwake. Akayandikira amakumbanso ngalande yachiwiri, kukokeramo mizinga, kenako yachitatu, mpaka khoma ling'ambike. Njira imeneyi si yopeka. Adaikonza bwino ndi Sébastien Le Prestre de Vauban, katswiri wa malinga wa mfumu Louis XIV ya ku France, ndipo adaigwiritsa ntchito pozinga Maastricht mu 1673. McNeill sadabise kumene adatenga nzeruzo, chifukwa mkulu woteteza linga m'bukuli dzina lake ndi Prestre Vauban. Pa pepala lanu jambulani ngalandezo imodziimodzi pamene zikusendera. Mudzamva mtima ukuthina, pakuti mudzakhala mukuona chimene oteteza akuona m'mawa uliwonse: dothi latsopano, lafupi kuposa dzulo. Yang'aniraninso amene akukumbawo. Ndi akapolo, ndipo amafa mwaunyinji popanda wowawerenga. Musalowe m'bukuli ndi chiyembekezo choti wolungama apambana chifukwa choti ndi wolungama.

Ngati pamenepa mwatopa ndi mabuku onenepa, pumirani pa Fifteen Hours la Mitchel Scanlon, la 2005. Ndi lalifupi. Mnyamata wa kumunda, Arvin Larn, watumizidwa ku mzinda wa Broucheroc chifukwa cha kulakwitsa kwa mlembi wa mu ofesi, ndipo kumeneko msilikali watsopano amayembekezeka kukhala moyo maola 15 okha.

Tsopano mwakonzeka kukumana ndi Space Marine maso ndi maso. Tengani Helsreach la Aaron Dembski-Bowden, la 2010. Grimaldus, wansembe wankhondo wa gulu la Black Templars, wasiyidwa kuti ateteze mzinda wa padoko pa dziko la Armageddon, ndipo iye akuona ngati amutaya kuti akafere malo opanda ulemu. Mbali zina amasimba yekha ndi pakamwa pake. Poti mudayamba ndi Kolea ndi Criid, mudzaona chimene woyambira pano sachiona: kuti munthu wamkuluyu sadziwa kulankhula ndi anthu amene akuwateteza. Tsatirani mmene akusinthira pamene akukumana ndi Sarren, mkulu wa asilikali wotopa, ndi Maghernus, kapitawo wa padoko amene antchito ake apatsidwa mfuti, ndi Andrej, msilikali wanthabwala pakati pa imfa. Kwa ine, mtima wa bukuli uli pa anthu apadokowo.

Pokhapo ndiye pitani ku Terra, dziko lathu lapansi lino, ndipo ngakhale apo musalumphe. Siege of Terra ndi mathero a mndandanda wa Horus Heresy, wa mabuku 54, wosimba za kupanduka kwa Horus, mwana wokondedwa wa mfumu, zaka 10,000 nkhani zinazi zisanachitike. Simukakamizidwa kuwerenga onse. Werengani Horus Rising, False Gods ndi Galaxy in Flames, onse a 2006, ndi The Flight of the Eisenstein la 2007, kuti mudziwe amene adapereka mnzake ndi chifukwa chake. Kenako yambani The Solar War la John French, la 2019, n'kumatsata ndondomeko yake mpaka The End and the Death la Abnett, limene lidatuluka m'magawo atatu mu 2023 ndi 2024. M'buku lililonse muli mndandanda wa maina; ikani kapepala pamenepo, mudzabwererako kawirikawiri. Nyumba ya mfumu ili pa mapiri a Himalaya, woiteteza ndi Rogal Dorn, wofuna kuigumula ndi m'bale wake Perturabo, tate wa a Iron Warriors aja mudawaona akukumba ngalande. Pofika pa Saturnine, la 2020, mudzapeza Dorn ali ndi malo anayi ofunika kuwateteza koma mphamvu zosakwanira onse, ndipo ayenera kusankha amene awasiye osawauza. Tulutsani pepala lanu, yesani kusankha nokha musanatembenuze tsamba.

Za kapezedwe: ena mwa mabuku akalewa amasowa a pepala, koma Black Library imagulitsa ambiri ngati mabuku a pa foni kapena pa kompyuta, ndiponso omvera. Ngati Chingerezi cha nkhondo chikukuvutani, musaime pa liwu lililonse lachilendo. Maina ambiri a zida ndi maudindo ndi opeka kapena obwerekedwa ku Chilatini, ndipo tanthauzo limaoneka lokha mukapitirira masamba awiri atatu. Omvera ndi abwino pobwereza, koma ulendo woyamba werengani ndi maso kuti mapu anu ayende limodzi ndi nkhani.

Mabukuwa ndi olemera pamtima, muli imfa za ana ndi za anthu osalakwa, choncho si opatsa mwana wamng'ono. Inunso musawaunjike motsatizana. Mukatseka Necropolis, lolani padutse masiku angapo, pepala lija la zipata zodulidwa likhale pa tebulo, musanapite ku Hydra Cordatus.